Kuyeza ndalama yakale yachitsulo musanaigule ku Joni

Kuno ku Joni ndalama zakale zachitsulo zimatipeza m'njira zambiri. Wina abwana ake posamuka amupatsa chitini chodzaza makobiri. Wina waona pa Facebook Marketplace ndalama ya mutu wa Paul Kruger, pulezidenti wakale wa Maburu, ikutsatsidwa motchipa, pomwe wina mnzake wa ku Rosettenville akumukakamiza kugula R5 ya Mandela pa mtengo wa foni yatsopano. Ambiri amayamba n'kuwerenga chaka, akaona 1896 mtima n'kudumpha. Koma ukale pawokha suika mtengo. Mtengo umachokera pa kuchepa kwa ndalamazo, pa chitsulo chomwe anapangira, pa kuchuluka kwa anthu ozifuna, ndipo koposa zonse pa mmene nkhope ya ndalamayo yasungikira. Ndalama ziwiri za chaka chimodzi, zochokera m'chikombole chimodzi, ina ikhoza kugulidwa ngati siliva wongosungunula, inzake n'kukwera mtengo kakhumi kapena kuposa.

Za R5 ya Mandela tithane nazo msanga. Ya 2008, yokumbukira zaka zake 90, inadindidwa mamiliyoni ambiri, chimodzimodzinso ya 2018. South African Reserve Bank inanena poyera kuti zomwe zikuyenda m'manja mwa anthu mtengo wake ndi R5 yomweyo. Yomwe mwabwezeredwa chenji m'takisi musaiwonjezere ngakhale senti.

Zida ndi kagwiridwe

Mufunika sikelo yaing'ono ya manambala yowerenga mpaka 0.01 g, vernier yoyezera mamilimita, galasi lokulitsa zinthu ka 5 mpaka ka 10, maginito amphamvu a neodymium, ndi nyale imodzi ya patebulo. Sikelo ya kukhitchini yowerenga galamu yathunthu singakuthandizeni. Nyale ikhale imodzi ndithu, zina zonse muzimitse, chifukwa kuwala kochokera mbali zambiri kumabisa timizere ta pankhope. Yalani nsalu yofewa, ndalama muigwire m'mphepete ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala. Thukuta la chala limadya siliva ndi mkuwa, ndipo chidindo chake chimadzaoneka patapita miyezi, osachokanso.

Kodi ndi yeniyeni?

Yambani ndi kulemera, popeza sikelo sinyengeka ndi mawu a wogulitsa. Ndalama za Zuid-Afrikaansche Republiek, dziko lakale la Maburu ku Transvaal, zija za Kruger zomwe zinayamba mu 1892, zinatsata miyeso ya ku Britain. Pond yagolide imalemera 7.99 g, m'mimba mwake ndi pafupifupi 22 mm, golide wake ndi wa makarati 22. Theka la pond ndi 3.99 g. Zasiliva zake ndi za .925: ya mashilingi 5 ndi 28.28 g, half crown 14.14 g, ya mashilingi 2 ndi 11.31 g, shilingi 5.65 g, sikisi 2.83 g, tiki 1.41 g. Za Union of South Africa, zomwe zinayamba kudindidwa ku Pretoria mu 1923, zinasunga kulemera komweko koma siliva anachepa: .800 mpaka 1950, kenaka .500 kuyambira 1951.

Ndalama yomwe yayenda kwambiri imapepukako pang'ono chifukwa chitsulo chatha. Yolemera kuposa muyeso wake ndiye ikayikireni. Ndipo pond yooneka yatsopano koma n'kumalemera 7.6 g, ibwezeni pomwepo. Pali tizitsulo tambiri tachikasu tofanizira pond ya Kruger tomwe tinapangidwa ngati zokongoletsa. Pa sikelo timapepuka kwambiri.

Maginito sagwira golide, siliva kapena mkuwa. Ndalama yomwe akuti ndi yasiliva ikakakamira, nkhani yatha. Koma kusagwira si umboni, pakuti zambiri zachinyengo amapangira mkuwa n'kukuta siliva pamwamba. Musasokonezekenso ndi 5c, 10c, 20c ndi 50c zakale za South Africa zoyambira 1965, zomwe ndi za nickel: zimagwira maginito chikhalirecho ndi zenizeni.

Muyeso wina wodalirika ndi wa m'madzi. Lembani kulemera kwa ndalamayo. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, mudine kuti iwerenge ziro. Mangani ndalama ndi ulusi wopyapyala, muimize yonse m'madzi osakhudza pansi kapena m'mbali mwa kapu, mugwedeze pang'ono kuti thovu lichoke, n'kulemba nambala yomwe yaoneka. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri. Siliva wa .925 amapereka pafupifupi 10.3, golide wa makarati 22 amapereka chapakati pa 17 ndi 18, pomwe mkuwa wosakaniza ndi nickel umathera pa 8.9. Mwachitsanzo, ya mashilingi 5 ya Kruger imaonetsa pafupifupi 2.74 g m'madzi. Muyesowu umagwira bwino pa ndalama zikuluzikulu. Pa tiki nambala ya m'madzi ndi 0.14 g chabe, choncho sikelo ikaphonya ndi 0.01 g yankho lonse lasokonekera. Mukamaliza, umitsani ndalamayo pongoigunditsa pansalu, osapukuta.

Tsopano tengani galasi muyang'ane m'mphepete. Ndalama yeniyeni imadindidwa ndi mphamvu yaikulu, ndiye zilembo zake zimatuluka zakuthwa ndipo mano a m'mphepete amakhala ofanana. Yothiridwa m'chikombole chitsulo chili chosungunuka imakhala ndi timaenje ngati ta singano, timatuza, zilembo zonenepa zofewa, ndipo nthawi zina mzere wozungulira m'mphepete pomwe zigawo ziwiri za chikombole zinakumana. Ikani pambali pake chithunzi chachikulu cha ndalama yotsimikizika ya chaka chomwecho, mufanizire chilembo ndi chilembo, makamaka manambala a chaka.

Pali ndalama zina zomwe miyeso yonseyi siikwana, chifukwa achinyengo amazipanga ndi golide weniweni kapena amasintha ndalama yeniyeni. Burgerspond ya 1874 inapangidwa 837 zokha. Veldpond ya 1902, yomwe inadindidwa ndi zida zapamanja cha ku Pilgrim's Rest nkhondo ya Maburu ndi Angerezi ili kumapeto, inapangidwa 986. Tiki ya 1931 ndi yosowa kwambiri, ndipo anthu amasema nambala yomaliza ya chaka china kuti ioneke ngati 1. Pansi pa galasi mumaona chitsulo chozungulira nambalayo chitakumbika kapena chitasiyana mtundu. Zitatuzi, ngati sizili m'chikuto chomata cha bungwe loyeza ndalama, ife timati musagule ngakhale mtengo utatsika bwanji.

Za 1892 zili ndi nkhani yake. Zoyamba zinadindidwa ku Berlin, ndipo pa pond, theka la pond ndi ya mashilingi 5, ngolo ya pa chizindikiro cha dziko inajambulidwa ndi mitanda iwiri yokokera komanso mateyala ofanana kukula, pomwe ngolo ya Maburu inali ya mtanda umodzi, mateyala akumbuyo aakulu. Pa zagolide panalinso zilembo O.S. za wosema, Otto Schultz, m'munsi mwa chithunzi cha Kruger. Anakonza mwamsanga. Pa pond ya 1892 yosowa ndi ya mtanda umodzi, n'chifukwa chake ena amapala mtanda wachiwiri. Wina akakuuzani kuti yake ndi ya mtanda umodzi, onani kukula kwa mateyala, muonenso ngati pamalo pa O.S. sipanapalidwe.

Nkhope yake: yatsukidwa kapena ayi?

Apa ndi pomwe ambiri amatayira ndalama. Ndalama yakale yowala mbee imakopa maso, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ndalama ikamadindidwa, chitsulo chimayenda kuchokera pakati kupita m'mphepete n'kusiya timizere tosaoneka ndi maso. Timeneti ndi tomwe timachititsa kuti mukaipendeketsa pansi pa nyale n'kumaizunguza, kuwala kuziyenda mozungulira ngati masipoko a njinga. Mankhwala otsukira mkuwa, mankhwala a mano, phulusa, mandimu, ngakhale nsalu youma, zonsezi zimachotsa timizereto ndipo sitibwereranso.

Yotsukidwa mumaizindikira chonchi. Kuwala kwake kumakhala kwa mbale yokwechedwa, kofanana paliponse, kosazungulira. Pamalo osalala, kutsogolo kwa nkhope ya Kruger kapena ya mfumu, pamaoneka timizere tambirimbiri tolowera mbali imodzi. Zunguzani pang'onopang'ono, pa kona ina timangotulukira tonse nthawi imodzi. M'mikwasa ya zilembo mumatsala litsiro lakuda pomwe pena ponse payera. Ndipo ndalama yomwe ndevu zake zafufutika koma ikuwala ngati yatsopano, yatsukidwa basi, chifukwa kuyenda m'manja kumayamba kupha kuwala kusanafike pa ndevu. Siliva wakale wosakhudzidwa amakhala wotuwa, wofiirira, nthawi zina wabuluu pang'ono m'mphepete. Mtundu umenewo osonkhanitsa ndalama amaukonda, musauone ngati litsiro.

Pa pond ndi half crown za Kruger onetsetsani m'mphepete pamwamba pa mutu. Zambiri zinapangidwapo mikanda, mphete ndi zomangira unyolo wa wotchi. Pomwe panawotcheredwa kandowe pamatsala chipsera, kapena mano a pamenepo amaoneka osemedwanso ndi tupa. Yotere imagulidwa pa mtengo wa golide kapena siliva wake, kapena kungopitirirako pang'ono. Bowo lotsekedwa, mphepete yophwanyika chifukwa chogwa, ndi dzina lolembedwa ndi msomali zimatsitsanso mtengo chimodzimodzi. Pa makobiri a mkuwa, madontho obiriwira aufa ndi dzimbiri lomwe likudya chitsulo, ndipo pansi pake pali kale dzenje. Zobiriwira zonanda zimachokera ku timatumba tofewa ta pulasitiki ya PVC. Zikakhala zatsopano zimachoka ndi acetone weniweni, pomiza osapukuta, koma osati uja wochotsera utoto wa zikhadabo chifukwa amathiramo mafuta ndi zonunkhiritsa.

Kupereka giredi

Giredi ndi mlingo wa mmene ndalama yasungikira. Muyeso womwe msika umagwiritsa ntchito ndi wa manambala 1 mpaka 70, womwe anauyambitsa William Sheldon ku America mu 1949. Mfundo yake ndi imodzi: malo otumphuka kwambiri ndi omwe amayamba kutha. Pa Kruger yang'anani tsitsi la pamwamba pa khutu, nsidze, tsaya ndi ndevu; kuseri, chifuwa cha chiwombankhanga, mkango wa m'chishango ndi ngolo. Pa za Union za mutu wa mfumu George V ndi lamba wa chisoti chaufumu ndi ndevu za pamlomo. Pa George VI ndi tsitsi la pamwamba pa khutu ndi tsaya. Pa Elizabeth II ndi masamba a nkhata ya kumutu. Pa ya mashilingi 5 ya Union, yomwe inayamba mu 1947, ndi phewa ndi ntchafu ya springbok.

Giredi imalembedwa ndi zilembo ndi nambala. G 4 ndi VG 8 ndi ndalama zotheratu: chaka chikuwerengeka, mutu wangotsala chithunzithunzi. F 12, zilembo zonse zikuwerengeka, kuphatikizapo EENDRAGT MAAKT MAGT kuseri kwa za Kruger zomwe zili ndi mawuwa, koma ndevu zasalala pakati. VF 20 mpaka 35, pafupifupi theka kapena kuposa la mizere ya tsitsi ndi ndevu likuoneka. XF 40 ndi 45, zonse zikuoneka bwino, kutha kuli pansonga zokha, ndipo kuwala koyambirira kwatsalako m'mikwasa ya zilembo. AU 50 mpaka 58, ndalama inangoyenda pang'ono: kuwala kwambiri kulipo koma pa tsaya ndi nsidze pakhudzidwa. MS 60 mpaka 70, sinayende konse. Mkati mwa MS chosiyanitsa si kutha koma zipsera zomwe ndalama zimapatsana zikamagundana m'thumba la kubanki: 60 mpaka 62 zipsera n'zambiri, 63 n'zochepa, 65 muyenera kuzifunafuna. Chipsera cha patsaya chimatsitsa giredi kuposa chobisika m'tsitsi.

Malire ovuta ndi a pakati pa AU 58 ndi MS, ndipo mpomwe mtengo umalumpha kwambiri. Njira yake ndi iyi. Musanatenge galasi, zunguzani ndalama pansi pa nyale, maso ali pa tsaya. Ngati kuwala kukudutsa patsaya osaduka, sinayende. Ngati pafika pamenepo kuwala kukuzilala, pakuoneka kadera kotuwa kosiyana ndi pozungulira, yayenda, ndipo ndi AU ngakhale pena ponse pakongole chotani. Musasokoneze kutha ndi kudindika moperewera. Nthawi zina chitsulo sichinadzaze chikombole, ndiye chifuwa cha chiwombankhanga chimatuluka chosalala kuchokera kufakitale komwe. Kusiyana kwake n'kwakuti pamalo osalalawo kuwala kumakhalapobe.

Yezani mbali zonse ziwiri, giredi mutenge ya mbali yofooka. Mukakayikira pakati pa magiredi awiri, werengerani mtengo pa yotsikayo. Dziwaninso kuti ogulitsa ena akale amatsata kayezedwe ka ku Britain, komwe EF yawo (dzina lina la XF) imayandikira AU ya ku America, pomwe ena pa intaneti amangolemba UNC, kutanthauza yosayenda konse, pa chilichonse chowala. Mawu a wogulitsa ndi maganizo ake chabe.

Zomatidwa m'chikuto

PCGS, yomwe inayamba mu 1986, ndi NGC, ya mu 1987, ndi mabungwe a ku America omwe amatsimikiza ndalama, kuipatsa giredi n'kuimata m'chikuto cholimba chokhala ndi nambala. Kuno kuli SANGS, bungwe logwira ntchito yomweyo. Ogula akunja amazolowera kwambiri ziwiri zoyambazo, ndiye ganizirani komwe mudzagulitse. Lowetsani nambala ya pachikuto pa webusaiti ya bungwelo, muone ngati chaka ndi giredi zikugwirizana, ndipo ngati pali chithunzi, mufanizire zipsera zake ndi za ndalama yomwe ili m'manja mwanu, chifukwa zikuto zabodza zokopera nambala yeniyeni zilipo. Mukaona mawu oti Details pachikuto, ndiye kuti ndalama ndi yeniyeni koma ili ndi chilema, monga kutsukidwa kapena kuchotsedwa pa mkanda. Musailipire mtengo wa giredi yoyera.

Kutumiza ndalama yanu kuti ikayezedwe kunja kumafuna chindapusa, mtengo wotumizira, inshuwalansi ndi kudikira nthawi yaitali. Shilingi wamba wa VF sangabweze zimenezo.

Kuwerengera mtengo

Yambirani pansi, pa mtengo wa chitsulo. Chulukitsani kulemera ndi mlingo wa siliva kapena golide. Half crown ya Union ya 1950 kapena m'mbuyo ili ndi 11.31 g za siliva weniweni; ya 1951 kupita m'tsogolo ili ndi 7.07 g. Tingoyerekeza kuti galamu ya siliva ili pa R20: yoyamba ndi R226, yachiwiri R141, ngakhale kukula kwake n'kofanana. Pond ili ndi 7.32 g za golide. Mitengo ya pa intaneti imaperekedwa pa troy ounce, yomwe ndi 31.1 g. Krugerrand, yomwe inayamba mu 1967, imalemera 33.93 g ndipo muli ounce imodzi ya golide. Yawamba si ndalama yosowa, imatsata mtengo wa golide wa tsikulo.

Chilichonse chomwe mukulipira pamwamba pa chitsulo mukulipirira kusowa ndi giredi, ndipo chimenecho ndicho chingatayike. Fufuzani mitengo yomwe ndalama za chaka ndi giredi yomweyo zinagulidwadi, pa Bob Shop yomwe kale inali bidorbuy, kapena m'zotsatira za maokushoni. Mtengo wotsatsira sutanthauza kanthu, aliyense akhoza kulemba R50 000. Ku okushoni onjezerani komishoni ya wogula ndi VAT yake musanakweze dzanja. Kenaka chitani chomwe ambiri amachidumpha: onetsani zithunzi kwa ogulitsa ndalama awiri, muwafunse kuti iwo angaigule zingati lero. Nambala imeneyo ndi yomwe mudzalandire tsiku lomwe kumudzi kwagwa vuto ndipo mukufuna ndalama msanga. Ikasiyana kwambiri ndi yomwe mukufunsidwa, nenererani kapena isiyeni. Ndalama ya lendi kapena yotumiza kwathu isalowe m'malonda awa, chifukwa ndalama yakale ikhoza kutha miyezi osapeza woigula pa mtengo wabwino.

Zakwathu

Ndalama zoyamba za Malawi, za 1964, zili ndi mutu wa Kamuzu Banda: sikisi ya tambala, shilingi ya chimanga, florin ya njovu ndi half crown ya chizindikiro cha dziko. Ngakhale zimaoneka zoyera, mulibe siliva. Chimodzimodzi zoyenda m'manja za chitaganya cha Rhodesia and Nyasaland, zoyambira 1955, monga shilingi ya mphalapala, ya mashilingi 2 ya nkhwazi, ndi kobiri lobowola la njovu lomwe ndi la mkuwa. Zotha mtengo wake ndi wochepa, ndipo mphekesera zoti kuli ogula kobiri lobowola ndi mamiliyoni zachititsa anthu kulipira madobadoba pachabe. Zoyenera kufunafuna ndi zosayenda konse ndi ma proof set, maseti odindidwa mwapadera a osonkhanitsa ndalama, omwe ali m'bokosi lake. Siliva mumupeza m'za Southern Rhodesia, zomwe zinkayendanso ku Nyasaland: .925 kuyambira 1932 mpaka 1942, .500 kuyambira 1944 mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 zoyenda m'manja zinasiya kukhala zasiliva. Kusunga seti ya 1964 chifukwa ndi mbiri yathu n'chinthu chabwino kwambiri, bola mugule pa mtengo wa mbiri, osati wa siliva.

Pogula penipeni

Ndalama yodula muigule kwa wogulitsa yemwe ali ndi shopu, makamaka membala wa SAAND, bungwe la ogulitsa ndalama zakale m'dziko muno. Risiti ilembe dziko, chaka, mtundu, kulemera, giredi, ndi lonjezo lobweza ndalama zanu ikapezeka kuti ndi yabodza. Mashopu ambiri ogula golide ali ndi makina a XRF, ouza mtundu wa chitsulo. Amathandiza, koma amawerenga pamwamba pokha, choncho musasiye sikelo ndi vernier. Wa pa Facebook kapena WhatsApp atumize zithunzi za mbali zonse ziwiri, za m'mphepete, ndi china ndalama ili pa sikelo. Mukumane masana, pamalo a anthu ambiri, makamaka m'shopu momwe ingayezedwe inu mukuona. Wokana sikelo, wofuna dipoziti musanaone katundu, kapena wokuthamangitsani kuti pali wina akudikira, musiyeni. Mukakhala ogulitsa ndinu, musapereke katundu chifukwa cha SMS kapena chithunzi cha umboni wolipira. Dikirani ndalama ioneke mu akaunti yanu.

Lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limafuna kuti ogula katundu wakale alembetse kupolisi ndipo azilemba chiphaso cha wowagulitsa, ndiye tengani pasipoti. Abale omwe mumagwira ntchito m'nyumba za anthu, abwana akakupatsani ndalama zakale apempheni kakalata kosainidwa kapena uthenga wa pafoni wonena kuti akupatsani. Achibale awo akadzazifuna mawa, umboni wanu ndi umenewo. Kutulutsa ndalama zagolide m'dziko muno kuli ndi malamulo ake, choncho funsani kubanki musanakwere basi yodzera pa Beitbridge.

Mukafika nayo kunyumba, iikeni m'kachikuto kolimba ka kukula kwake, kapena m'kakatoni ka zenera la pulasitiki ya Mylar, mapini ake muwaphwatalitse ndi pulayala kuti asakale inzake. Iliyonse payokha, pamalo ouma, kutali ndi labala, nyuzipepala ndi utsi wa kukhitchini, zomwe zimadetsa siliva. Pakakatonipo lembani chaka, kulemera, giredi, tsiku logula ndi mtengo, ndipo risiti muijambule pa foni.